Makutu a Boma

Chidziwitsocho chinafika chitakulunga mtedza wokazinga,
mafuta atadya kale theka la tsamba.
Sravanthi anachiwongola pa tebulo langa,
pakati pa mawaya ndi wailesi ya Yadagiri
yomwe yakhala ikutsokomola chithere dzinja.

Akufuna asayansi khumi ndi anayi, anawerenga mokweza.
Odziwa mafunde a mumlengalenga, masamu obisa mawu,
zithunzi zojambulidwa kuchokera kuseri kwa mitambo.
Zaka zisapitirire makumi atatu.
Dzina la ofesiyo linali zilembo zochepa chabe,
keyala yake bokosi la positi ku Delhi.

Ine ndinapitiriza kuwotcherera waya.
Utsi wa mtovu umaluma m'maso, aliyense amadziwa.

Mwanayu ndinamuphunzitsa ndine kumvetsera.
Asanagweruke mano ankakhala pa chitini cha penti
muno mu Kazipet, sitima zikugwedeza mashelefu,
n'kumapotokola kabatani pang'onopang'ono
mpaka m'kati mwa mkokomo uja, shiiii,
mutatuluka munthu wa ku Colombo akulosera nyengo.
Bambo, akutimva?
Ayi mwanangu, timamumva ndife.
Sindinadziwe kuti ndikumunolera khasu.

Itatha miyezi isanu kunabwera amuna awiri,
malaya oyera osakwinyika ngakhale dzuwa linali phwee.
Sanagule kanthu, ngakhale batire.
Anafunsa Yadagiri ngati mtsikanayo amabwera usiku,
anafunsa mayi wogulitsa maluwa pakachisi
ngati pali mnyamata wakunja womulembera makalata,
anandifunsa ine za mlamu wanga Mallesham wa ku Dubai
ndi kangongole kena ka kubanki
komwe mwini wakene ndinakaiwala kalekale.
Iwo sanakaiwale.
Ndinawathirira tiyi wamkaka.
Wamfupiyo anayang'ana mawailesi onse apakhoma
ngati akuwerenga mboni.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi,
ndinadziuza choncho pa siteshoni,
nditamunyamulira sutikesi yomwe akanatha kunyamula yekha.

Tsopano amaimba Lamulungu lokha.
Foni yake, akuti, imatsala m'kabokosi pa geti,
iye n'kulowa m'nyumba yopanda mazenera.
Zimenezo anandiuza kamodzi, kenako anadziluma lilime.
Ntchito ikuyenda?
Ikuyenda.
Ukupanga chiyani masiku ano?
Kuno kwazizira, bambo.
Uyu ndi mwana uja ankalongolola ngati mpopi wothyoka,
wondifotokozera maloto ake onse mpunga uli m'kamwa.
Lero mawu amawerenga ngati chenje cha kondakitala.

Mayi ake amauza anthu kuti ali ku zanyengo.
Ofunsira mbeta amafuna kudziwa malipiro,
ndi ofesi yoti angailoze ndi chala.
Ine akandifunsa ndimangoti, ali m'boma,
n'kuweramira pa sipika ya munthu.

Sindikudandaula ayi.
Pali wina ayenera kudikira ena akagona,
kutchera khutu kumalire, kunyanja, kumwamba,
kuti bomba likanong'onezedwa kwinakwake
lisafike pa siteshoni yathu ino
pomwe ana amagulitsa madzi m'mabotolo.
Koma khutu silisankha.
Limene limamva chigawenga
limamvanso wamasiye akulira pa foni.
Zimenezi ndikanamufunsa, akanakhala woyankha.

Dzulo usiku ndinkacheza ndi Mallesham.
Pakati pa nkhani ya mtengo wa simenti
panagwa kachete kena, kakafupi,
konga ka munthu wogwira mpweya kuseri kwa chitseko.
Zaka makumi anayi ndikukonza mawailesi,
ndikudziwa kuti ndi netiweki chabe.
Komabe ndinati:
Sravanthi, ngati uli pomwepo,
mayi ako atumiza botolo la mango atsabola,
ukalitenge lisanatayike m'basi.
Ndipo usamagone ndi njala.

Ukulankhula ndi yani? anafunsa Mallesham.
Palibe, ndinayankha.
Pitiriza za simenti.