Mabotolo a Lachiwiri

Lachiwiri lililonse, dzuwa lisanaboole utsi wa ku Alex,
ndimatsetserekera ku Jukskei, kulabokosi m'manja,
majombo obwereka akundikhuthukira ngati mabwato,
zala zitauma ndi chisanu cha ku Joni
chosadziwa kuti munthuyu ndi mlendo.

Amayi ku Mponela anauza kale mpingo wonse
kuti Ndaziona wawo akuphunzira udokotala.
Akudikira jakisoni wa mawondo.
Ndiwauze bwanji kuti wodwala wanga ndi mtsinje,
sagona pabedi, sayasamula kuti ndione lilime,
amangodutsa, kununkha, n'kumapita?

Unabadwira pansi pa simenti mtsinje uwu,
sunaone dzuwa uli khanda.
Umatuluka m'chipaipi thovu lili kukamwa
ngati ng'ombe yotopa pagoli,
utasenza matewera, nsapato imodzi, mpando wa minibasi,
ndi zonse zimene mzinda wa golide
sufuna kutchula pakudya.

Lehlohonolo, dalaivala wa yunivesite,
amaima kumtunda, chipewa chili pamphuno.
Ine ndimawerama.
Botolo loyamba. Lachiwiri. Lachitatu latsetsereka, ndaligwira.
Ndilemba ola, kuzizira kwa madzi, mtundu wa thovu.
Fungo lilibe danga pa fomu.

Tsiku lina kumtunda kwa mlatho
a Ziyoni ovala zoyera ankamiza mnyamata katatu.
Ndinafuna kukuwa.
Sindinakuwe.
Ndinalemba: malo achinayi, anthu khumi ndi awiri,
madzi olekeza m'chiuno.

Ku labu, ku Braamfontein, nsanjika yachitatu,
ndimadontheza mtsinje m'timbale
n'kutifunditsa usiku wonse monga thadzi pamazira.
M'mawa taswa:
timadontho tofiirira, timadontho tobiriwira,
mudzi wathunthu pa kambale kochepa ngati chikhatho.
Ndimawerenga mpaka maso kulira okha.
Kenaka ndimatithira mankhwala aja
anachotsa achimwene m'kamwa mwa chibayo,
koma ito phee, kudya, kuberekana,
ngati ndatipatsa thobwa.

Pulofesa Nkabinde anakweza magalasi, nati,
"Zotsatira zokongola kwambiri izi."
Zokongola.
Ndinatuluka kukasamba m'manja kanayi.

Mu Ogasiti tinapeza mapazi a katumbu pamatope,
ndi ndowe zake pamwala, zodzaza zigoba za nkhanu.
Ndinasangalala ngati ndakumana ndi wakwathu pa Park Station:
nawenso ukadali moyo kuno?
Patapita milungu isanu kompyuta inandiuza
kuti kachilombo ka m'mimba mwa katumbuyo
n'kapachibale ndi ka m'thewera la khanda
limene nesi Mmabatho anandisungira kukiliniki,
n'kapachibale ndi ka m'chitosi cha nantchengwa
womanga chisa ndi mawaya ndi majumbo.
Mtundu umodzi, mfunda umodzi,
ubale umene palibe anaufunsira mbeta.

Bambo a bambo anga anabwera kuno pa Theba.
Anakumba pansi pa misewu ndikuyendayi,
nabwerera ndi njinga, jekete ndi chifuwa.
Zitunda zachikasu anasiya zija zikadalipo,
mvula ikagwa zimakhetsera misozi yowawasa m'makwawa.
Iwo anakumba, ine ndikutunga.
Sindidziwa chimene ndidzapita nacho kwathu.

Mutu wachisanu wakana kutha.
Usiku ku Yeoville ndimamva mpope wa neba ukudontha,
ndimawerenga madontho mwachizolowezi.

Dzulo kamtsikana ka yunifolomu yobiriwira
kanandipeza nditagwada, kali ndi chigubu chake.
Kanayang'ana magolovesi anga, kanayang'ana botolo,
kanafunsa m'Chizulu, Lehlohonolo n'kumasulira:
"Akuti, mwawayeza. Ndiye ali bwanji?"

Ndili ndi masamba mazana awiri ndi makumi atatu,
matebulo, mizere yokwera ndi yotsika,
maina a Chilatini otalika ngati sitima ya katundu.
Ndinati, "Osamwa."
Kanagwedeza mutu ngati wamkulu
womva nkhani imene anaidziwa kale,
kanadikira ndisunthe,
n'kumiza chigubu pomwe ndinachotsa botolo.