Kuitana Mayina ku Oulu

Usiku wa Lachitatu. Kunja chipale chakwirira njinga yake.
Tuulikki wavala juzi m'chipinda cha maseva
momwe mafani akulira ngati njuchi zosagona.

Pashelefu yachinayi kagetsi kamodzi kasanduka kachikasu.
Dzina lakuti sdf salikhulupirira,
zilembo zimalandana mipando seva ikadzuka.
Aunika ndi foni nambala yodindidwa pamsana,
aibwereza chapansipansi,
kuopa kuzula yamoyo n'kusiya yakufa.

Asolola. N'njofundabe ngati dzira loikiridwa kumene.
Akankha yatsopano mpaka chotsekera chilire kuti kha!

Seva ili duu.
Pasikirini madisiki khumi ndi imodzi.
Inayo palibe,
chonsecho ili m'nyumba momwemo, ikuzungulira, ikupuma.

Ndiye alembera kontirola timizere titatu,
kamzere, mpata, kamzere, mpata, kamzere,
kutanthauza kuti gogoda khomo lililonse,
funsanso kuli yani.
Yoyamba yabwerako chimanjamanja.
Yachiwiri chimodzimodzi.
Khofi wazizira.

Dzulo masana kunyumba yosungira okalamba
bambo ake anamuyang'anitsitsa
n'kufunsa ngati ndiye namwino watsopano.
Anatchula dzina lake. Analitchulanso.
Kenako anangowagwira dzanja.

Kontirola yachitatu.
Mzere umodzi watumphuka pansi pa sikirini:
yapezeka, yapatsidwa chilembo china.
Kagetsi kobiriwira kakuphethira,
zinzake zayamba kuigawira zomwe zikukumbukira.

Zitenga maola naini.
Tuulikki ayang'ana wotchi, apukuta maso.
Kwa okalamba kuja amatsegula teni koloko.
Apitanso kukagogoda.