Zigamba Ziwiri Pakhoma

Mnyamata wa m'sitolo ya penti
ananditsanulira m'timabotolo tiwiri ta mankhwala a chifuwa.
"Kayeseni pakhoma, amayi. Pepala limanama."

Ndapaka zigamba ziwiri m'chipinda chochezera,
pambali pa zenera loyang'ana ku phiri la Kanjala.
Cha kumanzere chapendekera ku thambo,
cha kumanja chapendekera ku msipu,
koma pakamwa pathu zonse n'zobiriwira,
liwu limodzi, ngati bulangete limodzi
lofunda ana awiri osagwirizana.

M'mawa cha kumanzere chimazizira
ngati madzi a m'damu la Lutembwe mwezi wa Juni.
Cha kumanja ndi tsamba la repu
mame asanaume.
Masana zimabwerekana malaya.
Magetsi akathima, kandulo
amazisandutsa zonse phulusa.

Yotamu wopaka penti anatsamiritsa njinga pa mpapaya,
analowa, anatsinzina diso limodzi.
"Kusiyana kwake ndi makwacha makumi anayi basi."
Mlamu wanga Tisauke akuti wa kumanjayo
sadzaonetsa zala za ana.
Ana ati? Athu ali ku Kitwe,
amabwera pa Khirisimasi m'manja muli mbee.

ALekani masiku atatu sanaponyepo mawu,
ankangodutsa, wailesi kukhutu.
Lachinayi usiku, akumasula zingwe za nsapato,
maso ali pansi, anati:
"Wa kumanzereyo ayi.
Ndi uja wa mu wodi, kuchipatala chachikulu,
kumutu kwa bedi la Nthanda.
Milungu isanu ndinawerenga ming'alu yake."

Ine khoma ndinali nditaliiwala.
Ndimakumbukira diripi, mbale yachitsulo,
kaphazi kosuzumira kunja kwa nsalu.
Khoma ndinawasiyira iwo kuti asenze,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, osadziwa.
Nanga n'chifukwa chiyani m'sitolo muja,
pa timapepala makumi makumi,
chala changa chinathamangira pomwepo?

Loweruka tinagula zidebe ziwiri za wa kumanja.
Yotamu anapaka mpaka dzuwa kupendeka,
nyumba yonse kununkha chatsopano,
msipu kuyambira pakhomo mpaka kudenga.

Atafika pa chigamba cha kumanzere
ndinamugwira mkono.
"Apo siyani, padzakhala kabati."
Anandiyang'ana, sanafunse.

Kabati ilipodi, yodzaza makapu a alendo.
Kuseri kwake kuli kathambo kakang'ono
kosaposa chikhatho changa,
ndipo ndikamasesa Lachisanu
ndimaikankha pang'ono.