Njerwa za ku Chipanga

Dothi la ku Chipanga ndinkalidziwa ndi phazi.
Ndikaliponda m'mawa, dzuwa la Moatize lisanalume,
linkandiuza lokha ngati lakhuta madzi.
Uvuni umodzi, njerwa zikwi makumi atatu,
ndipo mipanda yambiri ya m'tauni muja
ili ndi chidindo cha chala changa chachikulu.

Kenako anabwera a zisoti zoyera
ndi mapu, ndi womasulira wa nsapato zonyezimira.
Anati pansi pa uvuni wanga pagona malasha
amene sitima zikuwadikirira kunyanja yamchere.
Ndinafunsa: nanga dothi lapamwambali?
Womasulira anaseka.
Funso langa sanalimasulire.

Anawerenga zonse, sindingawanamizire:
mitengo ya masawu isanu, khola, chimbudzi,
manda a bambo.
Koma ondigula njerwa sanawalembe.
Pa fomu panalibe mzere wawo.

Ku Cateme nyumba ndi ya malata, nambala pachitseko.
Khasu likagunda pansi limathetheka moto.
Ndipo tandiuzani,
ndani angagule njerwa m'mudzi
momwe aliyense anapatsidwa nyumba yomangamanga?

Chipukuta misozi chinabwera mu envelopu.
Mlamu wanga Zefirino anachisandutsa wailesi ndi mkazi wachiwiri,
pofika Khirisimasi zonse ziwiri zinali zitasiya kuyankhula.
Ine ndinagula njinga yamoto yofiira.
Mwana wanga Lurdesi anagula kope la mizere,
nati: ababa, kuyambira lero metikali iliyonse
izilonjera kuno isanapite kwina.

Ndiye madzulo amalemba, ine ndikusukusula fumbi m'maso.
Petulo.
Chigamba cha tayala.
Za chipereganyu Loweruka.
Za wapolisi wa pamphambano, amene kukhosi kwake sikuzizira.
Chotsala amachizungulira ndi cholembera,
kadzira ka njiwa pansi pa tsamba.

Poyamba tinalipo asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo uja.
Mtengo wa malasha utagwa
kudziko lomwe sindidzalipondako,
mgodi unasanza anthu,
ndipo aliyense anatuluka ndi envelopu yake,
aliyense anagula njinga yofiira.
Lero tilipo makumi anayi.
Munthu mmodzi akatsika chapa ndi thumba la ufa
timamuthamangira ngati nkhuku pa chiswe,
mtengo nkumatsika tisanatsegule pakamwa.

Masitima akudutsabe usiku, mabogi osawerengeka.
Chovala choyera ukayanika ku Moatize
umachianula chili pamaliro.

Lachiwiri ndinanyamula kapitawo wa zomangamanga,
wa mimba yake ndi mafoni awiri.
Njira yonse ankadandaula kumsana kwanga:
njerwa za masiku ano ndi zitumbuwa,
ukaigwetsa imakupepesa.
Anthu oumba aja anapita kuti?
Sindinamuyankhe, mphepo inali yambiri.
Anatsikira pa mpanda wa sukulu yakale,
nandipatsa makumi atatu, natenga chenji yake yonse.
Atalowa, ndinayandikira khoma,
ndinapeza njerwa yachisanu kuchokera pansi.
Chala changa chinalowa ndendende.

Pobwerera sindinanyamule munthu.
Ndinakhotera kukamtsinje kouma kuseri kwa Cateme
komwe mbuzi zimakumba madzi,
ndinavula nsapato,
ndinaponda.
Silili ngati la ku Chipanga. Lili ndi mchenga, ndi lamwano.
Koma linagwira chidendene changa pang'ono
lisanachisiye.

Ndabwera nalo m'thumba la shuga.
Lurdesi waliyang'ana, wayang'ana ine,
watsegula tsamba latsopano.
Akufunsa mtengo wa nkhuni,
akufunsa ngolo ya ndani, njerwa zingati pa ulendo,
akufunsa ngati kapitawo uja ndinatenga nambala yake.

Sindinatenge.
Akuti mawa ndipite ndikaitenge,
ndipo petulo wa ulendowo walemba kale.