Njanji Zinayi

Zaka khumi ndi zisanu ndayendetsa sitima ya mumsewu muno mu Gdańsk,
njanji ziwiri, ndimazidziwa ngati mizere ya m'chikhatho.
Lachiwiri lina, chipale chofewa chikugwa,
njanji zinasanduka zinayi.
Ndinaima. Kumbuyo anthu akuyang'ana mawotchi.

Akuti ndi chithokomiro,
kanthu ka pakhosi,
kakukankha maso anga chakumbuyoku
ngati mlendo wolowa m'nyumba yodzaza kale.
Tsopano ndimangooneka wodabwa.
Mayi wogulitsa buledi anandifunsa chomwe anandilakwira.

Usiku Jagoda amandimata zikope ndi tepi
poti zinaiwala kukumana.
M'mawa, mchenga m'maso,
misozi yopanda maliro.

Dokotala Zaremba anayala njira patebulo.
Dilipi ya masiteroidi masabata khumi ndi awiri:
nkhope ingafufume, tulo tingathawe, shuga angakwere.
Kapena cheza cholasa kuseri kwa diso.
Kapena kudikira motowu uzirale,
kenako mpeni useme fupa, maso apeze pobwerera.
"Koma fodya," anatero, "lekani lero."
Paketi ndinaisiya pa benchi ya chipatala.
Ndinabwereranso kukatengamo ndudu imodzi. Sindinaiyatse.

Pepala lagona pansi pa kapu ya tiyi sabata yathunthu.
Ndalemba inde, ndafufuta,
ndalembanso mofooka ndi pensulo.

Dzulo Jagoda anaima pakhomo ali awiri.
Ndinatsinzina diso limodzi, anatsala mmodzi,
akuseka: "Wasankha uti?"
Ndinati, amene akusekayo.

Lolemba ndikapereka mkono ku dilipi.
Njanji zidikire kaye,
zonse zinayi.