Mawu Anga Anatsikira pa Puente Nuevo

Zaka khumi ndi zinayi ndikulendewera pakhomo pa minibasi,
phazi limodzi mkati, linalo mumphepo ya Lima,
kuitana: Vitarte! Chosica! Kwerani, malo alipo!
makobidi akulira m'chikhatho,
utsi wa dizilo ukulowa mkamwa osaodira.

Mawu sanachoke tsiku limodzi.
Anayamba ndi kudzuka mochedwa,
ndikati Chosica, kumangotuluka sica,
kenaka anasasa
ngati sowo yobuntha pathabwa lonyowa.
Ndinati ndi nkhungu ya mu Julaye, idzatha.
Nkhungu inatha. Mawu osabwera.
Lachinayi lina pa Puente Nuevo ndinayasamula
nkutuluka mpweya wokhawokha, fuu,
anthu onse nkuthamangira basi yakumbuyo.
Wilmer anandiyang'ana pagalasi,
anangosintha giya.

Dokotala Arévalo anayamba ndi mafunso.
Fodya? Ayi.
Zatha sabata zingati? Miyezi isanu.
Anakweza nsidze.
Mumadya nthawi yanji? Pakati pausiku,
nsomba yamandimu ndi tsabola, nkugwera pabedi.
Chilungulira? Usiku uliwonse.
Nanga madzi?
Ndimwe bwanji, adokotala,
poti msewu wa Chosica ulibe chimbudzi?
Izonso analemba.

Anandifayira mankhwala owawa m'mphuno,
nalowetsa kachubu kokhala ndi diso kumapeto,
kanatsika, kanatsika, misozi ili chuchuchu.
Nenani iiii.
Pakanema ndinaona malo amene sindinafikeko
ngakhale ndimayenda nawo:
timinofu tiwiri totuwa,
tikutseguka, tikutsekeka ngati chitseko cha basi yathu,
koma tosakumana bwino,
chifukwa uku kambulu, uku kambulu,
ngati njere ziwiri za mpunga zoyang'anizana.

Si khansa, anatero,
ngakhale funsolo ndinali nditalibisa pansi pa lilime.
Onetsani manja anu.
Anakhudza pamene chitsulo cha pakhomo chinandiumitsa khungu.
Ndi zomwezi, mayi Huamaní, koma za kukhosi.
Mpeni sitifulumira nawo. Pitani kaye kwa Zoraida.

Zoraida, mtsikana woti nkukhala mwana wanga,
anandipatsa tambula ya madzi ndi kapaipi komwera.
Uzirani. Pang'onopang'ono. Ikanimo mawu.
Ine, mayi wa ana atatu,
kuchita thovu m'tambula, bwabwabwa,
ngati khanda m'bafa!
Anaika dzanja langa pamimba:
mpweya uzichokera apa, khosi lisamanyamule katundu yekha.
Ng'ung'udzani mpaka milomo inyerenyetse.
Musafuule. Musakecheze kukhosi; mezani malovu.
Musanong'onenso.
Ndinadabwa, nanga kunong'ona nkulakwa?
Akuti kumafinya timinofuto kuposa kulankhula.

Masiku opumitsa mawu anali ataliatali.
Ndinkalemba m'kope la masamu la Yésica:
Tseka gasi. Nsapato zako zili kuti?
Iye nkumayankha molembanso, mwadala,
mpaka tonse nkuseka, ine mopanda phokoso.
Ndinafungatira nthunzi ya m'ketulo, thaulo kumutu,
ndinaika njerwa ziwiri kumutu kwa bedi,
tsabola ndinamutsanzika ngati chibwenzi choipa.
Ndipamene ndinamva kuti mpopi wathu umadontha,
kuti mwana wanga wamng'ono amayankhula kutulo.
Zaka zonsezi ndinkafika m'nyumba
makutu akadali pamsewu.

Patatha miyezi itatu kachubu kanatsikanso.
Njere zija zafota, chitseko chikutsekeka.
Iiii yanga inatuluka yowonda, koma yathunthu.

Tsopano m'chiuno ndimamanga kachimkuzamawu
kamene Wilmer anagula ku Paruro ndi ndalama zake,
botolo lamadzi lili pansi pa mpando,
ndipo tinagwirizana ndi mayi wogulitsa buledi pa Santa Clara
za kiyi wa chimbudzi chake.
Ndimati Chosica monga ndikuuza mnzanga,
kamakinako nkufuula m'malo mwanga.
Anyamata a mabasi ena amandiseka. Asekeni.
Ena mwa iwo ndawamva kale
akutaya chilembo choyamba m'mawa.

Mawu otsalawo ndimapita nawo kunyumba
ngati chenji cha tsikulo,
ndikaitanire Yésica kuchokera pakhomo,
kamodzi kokha,
iye nkumva.