Mutu

Tinalawira wa ku Ngabu dzuwa lisanayambe kuluma,
Zuze pakati, ine kumbuyo, wakabaza akupalasa,
buku lakuchipatala lili m'jumbo ya shuga
kuti thukuta lisafufute zolemba.

Mayi wovala zoyera anatulutsa tepi
ngati ya telala wa pamsika.
Sanayeze chiuno. Anazunguliza mutu.
Analemba.
Anayeza diso, ngodya mpaka ngodya,
nayang'anitsitsa pansi pa mphuno,
pomwe anzake ali ndi kangalande,
pomwe mwana wanga mposalala
ngati mchenga Shire akaphwera.

Anam'patsa timatabwa kuti asanje.
Anamuuza mawu atatu: mbuzi, khasu, mchere.
Pom'funsanso, mbuzi yokha ndiyo inatsala.
Zuze anaseka. Amaseka bwino mwana wanga.

Kenaka cholembera chinagona patebulo.
"Mayi, muli ndi pakati, munkamwa?"

Fani yakudenga inali yakufa.
Ndinamva ntchentche ikugunda galasi.

Ndikanatha kunena kuti ayi.
Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuti ayi,
kwa aphunzitsi om'bweza Sitandade 1 katatu,
kwa apongozi oloza mfiti kutsidya,
kwa sing'anga amene anandidyera nkhuku ziwiri.

Koma chaka chija madzi anakokolola mapira,
bambo wake anapita kodula nzimbe ku Nchalo
nakapezako khomo lina,
ine n'kuyamba kutcheza kachasu wa masau.
Wotcheza salephera kulawa.
Madontho oyambirira timawatcha mutu,
ndiwo ndinkayesa palilime,
usiku n'kuonjezera kuti njala igone.
Palibe anandiuza kuti tikumwa awiri.

Ndinati inde.
Ndinadikira chala. Sichinabwere.
Anangokokera mpando kufupi.

"Izi sizichoka ndi jakisoni," anatero,
"komanso mwanayu si wamwano, si waulesi.
Pom'tuma, m'tumeni chimodzi.
Akabwera nacho, china.
Mawa akaiwala, yambiraninso."
Analemba kalata yopita kwa mphunzitsi
wa ana ovutika kugwira zam'kalasi,
natchula amayi ena asanu
okumana Lachinayi kuseri kwa wodi ya ana.
Asanu!
Ine ndinkayesa ndili ndekha chigwa chonsechi.

Kunyumba ndinati, "Zuze, mchere."
Basi, mawu amodzi.
Anathamanga, nabwera nawo m'manja monse muwiri,
wina ukutayikira m'fumbi.
Sindinakalipe.

Mgolo ukadali kuseri kwa nyumba,
sindinama, ndi umene wagula sopo uyu.
Sindikudziwa kuti ndiutani.

Chakumadzulo kunabwera Nyamiti, mkazi wa msodzi,
botolo m'manja, mimba kutsogolo,
akuti msana sukum'goneka.
Ndinayang'ana botolo, ndinayang'ana mimba.
Zuze anali pakhonde, akuwerenga mbuzi zathu zitatu
n'kumapeza zinayi.
Ndinati, "Ika pansi botololo, mwanawe.
Takhala kaye apa."